Bambo Lazzaro Spallanzani, wansembe amene anaveka achule makabudula

Pakati pa ansembe amene anathandiza kuzamitsa nzeru za sayansi, sitingaiwale Bambo Lazzaro Spallanzani a ku Italy. Iwo anabadwira ku Scandiano mu Januwale 1729. Ataphunzira kwa ansembe a chipani cha Jesuit ku Reggio, anapita ku Bologna kukaphunzira zamalamulo monga momwe bambo awo owabereka ankafunira. Kumeneko mbale wawo, Mayi Laura Bassi, amene ankaphunzitsa pa yunivesite, anawakopa mtima kuti aziphunzira za chilengedwe. Pambuyo pake anadzozedwa unsembe, ndipo kuyambira 1769 ankaphunzitsa ku yunivesite ya Pavia.

M'chaka cha 1768 anafalitsa zimene anapeza pa nyama zomwe zimamera chiwalo china chakale chikaduka. Ankadula michira ya mbululu ndi matupi a nyongolotsi, n'kumalemba zonse zochitika. Kanyama kofanana ndi buluzi kotchedwa salamander kanamera mwendo watsopano wokhala ndi mafupa, minofu ndi mitsempha. Chimene chinautsa mkangano ku Ulaya ndi mawu awo akuti nkhono imamera mutu wina ikadulidwa, mpaka Voltaire, mlembi wa ku France, anadula nkhono zake kuti adzionere yekha.

Koma ntchito yawo yaikulu inali pa nkhani ya kubereka. Masiku amenewo akatswiri ena ankakhulupirira kuti dzira limayamba kukula likangofikiridwa ndi nthunzi yochokera mu umuna. Bambo Spallanzani anasoketsa timakabudula tansalu n'kuveka achule aamuna. Tingaseke lero, koma nzeru yake inali yakuya. Achule ovalawo anakwerana ndi aakazi monga mwa nthawi zonse, koma mazira sanaswe. Atatenga umuna wotsalira m'timakabudulamo n'kuupaka pa mazira, mbululu zinaswa. Motero anaonetsa kuti popanda kukhudzana kwa umuna ndi dzira, palibe kubereka. Mu 1780 anathira umuna mwa galu wamkazi popanda kukwerana, ndipo galuyo anabala ana atatu. Njira imeneyi ndiyo alimi a ng'ombe zamkaka amagwiritsa ntchito lero.

Apa ndi pamene tikuona chodabwitsa pa moyo wawo. Iwo anasefa umuna wa chule ndi mapepala, ndipo anapeza kuti madzi osefekawo anachepa mphamvu, pomwe zotsalira pa pepala zinkaswetsa mazira. Yankho linali m'manja mwawo, pakuti pa pepalapo panatsalira timbewu ta umuna. Komabe iwo anali atakhulupirira kale kuti mwana wathunthu amakhala ali m'dzira, wamng'ono zedi, ndipo amangodikira kudzutsidwa. Choncho timbewu tija anatiyesa tizilombo tongokhala m'thupi, ndipo sanasinthe maganizo amenewa mpaka imfa yawo. Umboni woti kambewu kamalowadi m'dzira n'kuphatikana nalo unadza mu 1876, kuchokera kwa Oscar Hertwig wa ku Germany.

Sanali munthu wofatsa pa mtsutso, ndipo anali ndi adani. Ali paulendo wa ku Constantinople, umene anauyamba mu 1785, anzawo ena a ku Pavia anawanamizira kuti anaba zinthu m'nyumba yosungira zachilengedwe ya yunivesite. Boma litafufuza, mu 1787 linawapeza osalakwa.

Atakalamba anafufuza za mileme, n'kupeza kuti imauluka bwino osagunda kanthu ngakhale itachititsidwa khungu. Anamwalira ku Pavia mu Febuluwale 1799, ali ndi zaka 70.