Dotolo Kamuzu Banda ndi Mai French: Umboni Uli Pati?

M'makomboni a Lusaka monga Matero ndi Kanyama, kumene kumakhala anthu ambiri ocokera kum'mawa ndi ku Malawi, dzina la Dotolo Hastings Kamuzu Banda likachulidwa pamabuka funso lakuti: kodi munthu amene analamulira Malawi zaka 30 wopanda mkazi wodziwika anakondapo mkazi? Mphekesera nzambiri, koma nkhani yotere ifunika kuipeta monga mpunga.

A Banda anabadwira pafupi ndi Kasungu. Ali mnyamata anapita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Mu 1925 anaoloka nyanja kunka ku America, kumene anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry mu 1937. Ataonjezera maphunziro ku Edinburgh, anaciritsa odwala ku Liverpool ndi ku North Shields, kenaka ku London. Kumeneko mu 1949 iwo ndi mtsogoleri wathu a Harry Nkumbula analemba cikalata cotsutsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland.

Ku Mangalande komweko anadziwana ndi Mai Merene French, mzungu wokwatiwa, amene ankawathandiza nchito pa cipatala cao. Apa ndi pamene pali umboni wolemera koposa. Mu 1953 mwamuna wa maiyo, Major French, anakasuma ku khoti kuti ukwati uthe, nachula a Banda kuti ndiwo anamulowera m'nyumba. Mlandu wa ku khoti sufanana ndi nkhani ya pa mowa, pakuti umalembedwa ndi maina ndi masiku ake.

Umboni waciwiri ndi zocita za anthu awiriwo. Caka comweco a Banda anasamukira ku Kumasi m'dziko la Gold Coast, limene lero ndi Ghana, ndipo Mai French anakakhala nao kumeneko. Ena amati cimene cinawacotsa ku London ndi kukhumudwa, popeza Citaganya cimene anacikana cinakhazikitsidwa mu 1953 momwemo. Zimenezo nzomveka, komabe dotolo wochulidwa pa mlandu wotere anali pa ngozi yotaya ulemu ndi nchito yomwe. Tikayesa bwino, zifukwa zonse ziwiri zinakumana pa caka cimodzi.

Pa 6 July 1958 a Banda anatera pa Chileka popanda maiyo, ndipo nkhaniyo inakwiriridwa. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Philip Short, amene anaifotokoza m'buku la mbiri yao mu 1974, buku lakelo linaletsedwa m'Malawi. Kuletsako ndiko kunanenepetsa mphekesera, pakuti coonadi cikatsekeredwa anthu amadzipekera zao.

Za ana ndiye zopepuka pa sikelo. A Banda anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997 osaonetsa mwana aliyense kwa mtundu. Mu 2010 munthu wina anadzinenera kuti ndi mwana wao, koma mau akewo sanatsimikizidwe.

Cotero, awerengi, tinganene mosakayika kuti cibwenzi ca a Banda ndi Mai French cinaliko, ndipo cinali cimodzi mwa zimene zinawacotsa ku London zaka 5 asanabwerere kwao. Zina zonse zopanda mboni ndi cikalata tizisiye m'licero pamodzi ndi mankhusu.