John Newton, Wogula Anthu Amene Chisomo Chinampeza

Ife a kuno ku Milonde tidziwa kuti pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi pankapita akapolo ali m'magoli, kufikira pamene linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893. Chifukwa chake mbiri ya John Newton itikhudza, pakuti iyenso anali wogula anthu.

Anabadwira ku London mu 1725. Amake, mkazi wopemphera, anamwalira iye asanakwane zaka 7, ndipo anakulira m'zombo, nakhala wonyoza Mulungu. Mu 1748 namondwe anafuna kumiza chombo chawo. Pamenepo anafuulira kwa Ambuye kuti amchitire chifundo, napulumuka.

Koma apa mpamene tizizwa. Malonda oipawo sanawaleke msanga. Anakhala mkulu wa zombo za akapolo kufikira 1754, nawerenga Baibulo pamwamba, anthu alikubuula m'maunyolo pansi pake. Chisomo chinampeza asanayere, ndipo chinaleza naye mtima zaka zambiri. Ife tikadamtaya kalekale.

Mu 1764 analowa ubusa ku Olney, kumene analemba nyimbo ija ya Amazing Grace. Mu 1788 anaulula tchimo lake poyera m'kabuku, nalimbikitsa William Wilberforce pa nkhondo yothetsa malondawo. Lamulo lowaletsa linakhazikitsidwa ku Britain mu 1807, ndipo chaka chomwecho Newton anamwalira, ali nkhalamba ya zaka 82.