Anthony Wilding, Katswiri wa Tenesi Woyenda pa Njinga Yamoto

Anzathu amene munkasewera tenesi kusukulu, dzina la Anthony Wilding ndi loyenera kulidziwa. Iye anabadwira ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, pa 31 Okutobala 1883. Bambo ake anali loya, ndipo pakhomo pawo panali bwalo la tenesi. M'chaka cha 1902 anawoloka nyanja kukaphunzira zamalamulo ku Cambridge, koma mtima wake wonse unali pa masewero.

Mnyamatayu anazungulira Ulaya pa njinga yamoto, lero kalabu iyi, mawa kalabu ina, kupikisana ndi akatswiri a ku France, Germany ndi maiko ena. Tangoganizani misewu ya masiku amenewo! Kuyendayendako kunamunola kwambiri, moti anatenga chikho cha Wimbledon zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1910 mpaka 1913. Mu 1914 mnzake Norman Brookes wa ku Australia anamulanda chikhocho, komabe awiriwa anapitira limodzi ku America n'kukapambana Davis Cup.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Wilding analowa usilikali. Bomba linamuphera pafupi ndi Neuve-Chapelle, ku France, pa 9 Meyi 1915, ali ndi zaka 31 zokha. Anaikidwa komweko, kutali ndi kwawo.