Harold Ridley, mwini kagalasi ka m'diso la agogo

Agogo a ku Nathenje akapita ku Nkhoma kukachotsa ng'ala, amabwerako ndi kagalasi kapulasitiki m'diso. Amene anakayambitsa ndi Harold Ridley, dotolo wa maso wa ku England, wobadwa mu 1906.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ridley ankaona oyendetsa ndege zankhondo omwe tizidutswa ta Perspex tinawalowa m'maso. Chodabwitsa, tizidutswato tinkangokhala phee, diso osatupa. Mu 1949, pachipatala cha St Thomas' ku London, anayesa kuika kagalasi ka Perspex m'diso la wodwala. Madotolo anzake anamunyoza kwa zaka zambiri. Ulemu wa Sir unachedwa mpaka 2000, iye n'kumwalira mu 2001.

Vuto lina analisiyira ena. Kagalasika kamakhala m'kathumba kopyapyala, ndiye maselo otsalira amakwawira kumbuyo kwake, diso n'kuyambanso kuona chifunga. Anthu amati ng'ala yabwerera, koma ayi. M'zaka za m'ma 1990 ndi pomwe zinadziwika kuti kagalasi kakuthwa m'mphepete, ngati kona ya njerwa, kamatchinga maselowo kuposa kobulungira.

Chifungacho chikabwerabe, safunikanso kung'amba diso: laser imaboola kathumbako m'mphindi zochepa.