Guy de Maupassant, Kalaliki Amene Anayembekeza Zaka 7

Anyamata ndi atsikana ofuna kukhala alembi a mabuku amafunsa kawiri-kawiri ngati uphungu wa akulu ungathandize munthu kulemba bwino, kapena ngati luso lotere munthu amangobadwa nalo. Mbiri ya Guy de Maupassant, katswiri wa nthano zazifupi wa ku France, iri ndi yankho, ngakhale kuti si lokoma kwa munthu waphuma.

Maupassant anabadwa pa 5 August 1850 m'cigawo ca Normandy. Makolo ake analekana iye akali mnyamata, ndipo analeredwa ndi amai ake. Malume ake, Alfred Le Poittevin, amene anamwalira mwanayo asanabadwe, anali bwenzi lapamtima la Gustave Flaubert, mlembi wochuka wa buku la Madame Bovary. Ubwenzi umenewu ndiwo unadzamtsegulira khomo. Atacoka ku nkhondo ya 1870 imene France anagonja kwa Prussia, Maupassant analowa nchito ya ukalaliki m'unduna woona za zombo zankhondo mu Paris m'caka ca 1872. Malipiro anali ocepa, ndipo nchitoyo sanali kuikonda konse.

Tsono Flaubert sanali mphunzitsi wosasatitsa mwana. Iye mwini anatha zaka 5 polemba Madame Bovary, ndipo anali ndi cizolowezi cowerenga ziganizo zake mokweza kuti khutu ligwire liu losokonekera. Kwa zaka 7 Maupassant analemba ndakatulo, nthano ndi sewero lomwe, napereka zonsezo kwa mkuluyo. Flaubert anali kuziwerenga, ndipo pa Sondo, akudya cakudya ca masana, anali kumuonetsa pamene palephereka. Anamlangizanso kusathamangira kusindikiza. Zocepa zimene zinatuluka m'zaka zimenezo zinatuluka kwenikweni ndi maina ongopeka.

Uphungu weniweniwo unali wotani? Maupassant anaufotokoza yekha m'mau oyamba a buku lake la Pierre et Jean la mu 1888. Mfundo yaikulu inali yakuti mlembi ayenera kuyang'anitsitsa cinthu nthawi yaitali kufikira ataona mbali yake imene munthu wina sanaionepo. Akadutsa mwini sitolo ali khale pakhomo pake, kapena mlonda akusuta kaliwo, amfotokoze kotero kuti wowerenga sangamsokoneze ndi mwini sitolo kapena mlonda wina ali yense. Kavalo wokoka ngolo asiyanitsidwe ndi anzake 50 a kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo izi zicitike ndi liu limodzi lokha. Ciri conse ciri ndi liu lake loyenera, ndipo mlembi asakhutire ndi liu longoyandikira. Taonani kuti m'malangizo awa mulibe cinsinsi kapena njira yacidule. Cimene cinawapatsa mphamvu ndi cakuti anacokera kwa munthu amene anali atawerengadi mapepala a mnyamatayo, tsamba ndi tsamba, kwa zaka zonsezo.

Zipatso zinaoneka mu April 1880, pamene nthano yake ya Boule de Suif inatuluka m'buku la alembi 6, mmodzi wa iwo Émile Zola. Nthanoyo inena za anthu othawa mzinda wa Rouen pa ngolo m'nthawi ya nkhondo. Mkazi wadama amene ali nawo awagawira kamba wake pamene njala yawapsinja. M'njira mkulu wa asilikali a Prussia aletsa ngoloyo kupitirira pokhapokha mkaziyo atagona naye. Olemera ndi opembedza omwe amkakamiza kuvomera, ndipo m'mawa mwake amfulatira ndi kummana cakudya. Flaubert, amene ciyamikiro cake cinali cosowa, anaichula nthanoyo nchito yaukatswiri yosadzaiwalika. Pa 8 May caka comweco Flaubert anamwalira.

Pa zaka 10 zotsatira Maupassant analemba nthano zazifupi pafupi-fupi 300 ndi mabuku aatali 6, nasiya ukalaliki, nalemera ndi colembera cake.

Koma panali uphungu wina umene sunamveke. M'caka ca 1878 Flaubert anamlembera kalata yomdzudzula cifukwa cotaya nthawi ndi akazi ndi kupalasa bwato pa mtsinje wa Seine, namuuza kuti agwire nchito molimbika koposa. Pa za nchito anamvera. Pa za akazi kalatayo inafika mocedwa, pakuti cindoko cinali citamlowa kale m'thupi, ndipo masiku amenewo kunalibe mankhwala ocizadi nthendayo. Maso anayamba kumvuta, mutu unali kumpweteka kosalekeza, ndipo pang'ono-pang'ono nzeru zinasokonezeka. Mu January 1892 anayesa kudzipha, natengedwa kupita ku cipatala ca odwala misala ku Passy mu Paris. Kumeneko anamwalira pa 6 July 1893 ali ndi zaka 42. Anaikidwa m'manda a Montparnasse, ndipo Zola ndiye analankhula pamaliropo.