Michael Dillon: Dotolo yemwe dzina lake lakale lidamuthamangitsira kumapiri a Himalaya

M'chaka cha 1958, sitima yapamadzi yonyamula katundu ya City of Bath idali itakocheza padoko la Baltimore m'dziko la America pomwe atolankhani adafika kudzafuna dotolo wa m'sitimayo. Yemwe adatulukira adali bambo wandevu, wosuta kaliwo, wa zaka zopitirira 40, yemwe amalinyero amamudziwa ngati munthu wofatsa ndi wokonda kukhala payekha. Atolankhaniwo amafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: ngati zidali zoona kuti iye adabadwa mkazi. Dotoloyo sadakane. Pasanapite nthawi adasiya ntchito, n'kulowera ku India komwe adakafera patatha zaka zinayi.

Dotoloyo adali Laurence Michael Dillon, munthu woyamba wodziwika yemwe adabadwa ndi thupi lachikazi n'kulisintha kukhala lachimuna pogwiritsa ntchito mankhwala a mahomoni pamodzi ndi maopaleshoni. Mbiri yake imathandiza kumvetsa vuto lomwe lero madotolo amalitcha gender dysphoria, lomwe ndi kuvutika kwa mumtima komwe munthu amakhala nako pomwe thupi lake, komanso momwe anthu amamuonera, zikusemphana ndi chomwe iye akudzimva kuti ali, mwamuna kapena mkazi.

Ubwana wa mwana wamasiye

Dillon adabadwa pa 1 May 1915 mumzinda wa London ndipo adamutcha Laura Maud. Mayi ake adamwalira patangopita masiku ochepa chibadwire mwanayo. Bambo ake, omwe adali a banja lachifumu laling'ono la ku Lismullen m'dziko la Ireland, adatumiza khandalo ndi mlongo wake Robert kwa azakhali awo awiri osakwatiwa m'tauni ya Folkestone. Bambowo adamwalira mu 1925, ndipo chaka chomwecho ulemu wa banjalo, wotchedwa baronet, udagwera Robert akadali mnyamata. Ulemuwu umayenda mwa amuna okhaokha, ndipo lamulo limeneli ndilo lidadzabweretsa mavuto patatha zaka 33.

Malinga ndi mbiri yomwe adadzilembera yekha, kuyambira ali wamng'ono Dillon ankakonda zovala ndi masewero a anyamata ndipo ankadziona ngati mmodzi mwa iwo. Zinthu zidafika povuta atatha msinkhu. Maere atayamba kumera, ankawamanga ndi lamba kuti asaoneke. Tsiku lina mnyamata yemwe ankayenda naye adamutsegulira geti n'kuima pambali kuti adutse, monga momwe mwambo wa Angerezi umafunira kuti mwamuna achitire mkazi. Chomwe kwa mnyamatayo chidali ulemu, kwa Dillon chidali chododometsa, pakuti ndi pomwe adazindikira kuti dziko lonse limamuona ngati mkazi ndipo lidzapitiriza kutero.

Mu 1934 adalowa yunivesite ya Oxford, kuchigawo cha ophunzira achikazi chomwe lero ndi St Anne's College. Kumeneko adatchuka pa mpikisano wopalasa bwato mpaka kukhala mtsogoleri wa kalabu ya amayi ya masewerowa. Adameta tsitsi lake, adayamba kusuta kaliwo ndi kuyenda panjinga yamoto. Mumsewu anthu ankamucheukira ndipo ana ankamukuwiza pofuna kudziwa ngati adali mwamuna kapena mkazi. Nthawi imeneyo kudalibe dzina la chomwe chinkamuvutacho. Ena adamuuza kuti mwina ndi mkazi wokonda akazi anzake, koma iye adaona kuti yankho limeneli silidamukwane: nkhani yake idali ya chomwe iye mwini adali, osati ya yemwe angamukonde.

Mapiritsi, miseche ndi galaja

Homoni yachimuna yotchedwa testosterone idapezeka ndi akatswiri a sayansi mu 1935. Mumzinda wa Bristol, dotolo wina, George Foss, ankaipereka kwa amayi omwe amavutika ndi msambo, ndipo adaona kuti ena mwa iwo mawu ankakula ndipo tsitsi linkamera kumaso. Zomwe kwa odwala ena zidali zodandaulitsa, kwa Dillon zidali chiyembekezo. Mu 1939 adapita kwa Foss. Dotoloyo adati ayambe waonana ndi katswiri wa matenda a maganizo, kenako adamupatsa mapiritsiwo kuti aone yekha chochita nawo.

Katswiri wa maganizoyo sadasunge pakamwa. Nkhani idafika kumalo a kafukufuku komwe Dillon ankagwira ntchito, ndipo posakhalitsa idali mkamwamkamwa. Iye adasiya ntchitoyo. Munthu wa digiri ya ku Oxford adakapezeka akuthira petulo ndi kuyendetsa galimoto pagalaja ya College Motors ku Bristol, komwe adakhala zaka zinayi. Anzake apantchito ankamuseka tsiku ndi tsiku. Usiku, pomwe ndege za Germany zinkaponya mabomba mumzindawo pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, iye ankalondera galajayo kuti azime moto ukabuka.

Mankhwala aja ankagwira ntchito pang'onopang'ono. Mawu adakula, mapewa adatambasuka, ndevu zidayamba kumera. M'Chichewa mawu oti iye amakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana, kotero kuti aliyense wolankhula za Dillon ankayenera kusankha mbali m'chiganizo chilichonse. Makasitomala atayamba kumutenga ngati mwamuna, bwana wa galajayo adalamula antchito ake kuti nawonso azigwiritsa ntchito mawu achimuna, kuopa kusokoneza anthu. Kwa Dillon, lamulo la bizinesi chabeli lidali mpumulo womwe adaufuna kwa zaka zambiri.

Dillon adalinso ndi vuto lotsika shuga m'thupi, lomwe linkamugwetsa n'kukomoka. Atagonekedwa kuchipatala cha Bristol Royal Infirmary, adakumana ndi dotolo wa maopaleshoni yemwe adamumvetsa, ndipo adamuchotsa maere. Dotolo yemweyo adamuthandiza ndi kalata yosinthira chiphaso chake cha kubadwa. Mu 1944, pamaso pa lamulo, Laura Maud adakhala Laurence Michael. Mchimwene wake, Sir Robert, sadazilandire. Adamuletsa kupondanso ku Lismullen kapena kuuza munthu aliyense kuti awiriwo ndi apachibale.

Maopaleshoni 13 ndi buku limodzi

Sir Harold Gillies, mbadwa ya New Zealand, adali katswiri wotchuka pokonza nkhope ndi matupi a asilikali ovulala kunkhondo. Iye adavomera kuthandiza Dillon, koma adati adikire nkhondo ithe kaamba koti asilikali adali ambiri. Pakati pa 1946 ndi 1949, Gillies adamuchita maopaleshoni osachepera 13, pogwiritsa ntchito khungu la pamimba ndi pamiyendo kuumba chiwalo chachimuna. Pofuna kumuteteza, m'mabuku a chipatala adalemba kuti wodwalayo adali mwamuna wobadwa ndi chilema cha njira ya mkodzo. Mabala ankachedwa kupola ndipo nthawi zina ankatukusira.

Zonsezi zinkachitika pomwe Dillon adali pasukulu ya udotolo ya Trinity College ku Dublin, komwe adalowa mu 1945. Ankaphunzira teremu yonse, tchuthi n'kukathera kuchipatala. Adapalasanso bwato, ulendo uno m'timu ya amuna. Nkhani yake ankaibisa kwa anzake. Koma chinsinsi chidali ndi mtengo wake. Poopa kuti chibwenzi chingamufikitse poulula, ankapewa kuzolowerana ndi akazi, mpaka kudzionetsa ngati munthu wowanyoza kuti asamuyandikire.

Mu 1946 adatulutsa buku lotchedwa Self, lokamba za mahomoni ndi chikhalidwe, osaulula kuti mbali ina ya nkhaniyo idali yake. M'bukumo adasiyanitsa anthu okonda amuna kapena akazi anzawo ndi anthu omwe amadzimva kuti thupi lawo si logwirizana nawo. Adatsutsa ganizo loti munthu wotere angasinthidwe ndi uphungu, n'kunena kuti madotolo ayenera kumvera zomwe mwini wake akumva ndi kumuthandiza ndi mankhwala komanso opaleshoni. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iyi ndiyo idali mfundo yake, zaka 20 dotolo wa ku America, Harry Benjamin, asanatulutse buku lake lotchuka pankhaniyi mu 1966.

Bukuli lidamukumanitsa ndi Roberta Cowell, yemwe adabadwa mwamuna, adayendetsapo ndege zankhondo ndi galimoto zampikisano, ndipo ankafuna kukhala mkazi. Dillon adamukonda kwambiri. Asanamalize n'komwe maphunziro a udotolo, adamuchita opaleshoni yochotsa mbewu zachimuna, yomwe lamulo la Britain linkaletsa nthawi imeneyo, zomwe zikadamutayitsa ntchito ndi ufulu zikadadziwika. Gillies adamaliza ntchito yotsalayo mu 1951. Dillon adafunsira Cowell ukwati, poganiza kuti wapeza munthu yekhayo yemwe sakafunika kumubisira kanthu. Cowell adakana.

Mabuku awiri osemphana

Dillon adatenga digiri ya udotolo mu 1951. Atagwirako ntchito pachipatala china ku Dublin, adalowa ntchito ya udotolo wa m'sitima zamalonda ndipo adakhala panyanja pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi.

Ku Britain kuli mabuku awiri akale omwe amalemba mizere ya mabanja achifumu, Debrett's ndi Burke's. Popeza Sir Robert adalibe mwana, nkhani ya wolowa m'malo mwake idali yofunika. Buku la Debrett's lidalemba kuti Sir Robert ali ndi mng'ono wake, Laurence Michael, pomwe la Burke's lidapitiriza kunena za mlongo, Laura Maud, wobadwa tsiku lomwelo. Atolankhani ataona kusemphanaku adalondola nkhaniyo, nyuzipepala ya Sunday Express idaitulutsa, ndipo idafalikira padziko lonse. Mkonzi wa Debrett's adanena poyera kuti kwa iye Dillon ndiye adali woyenera kulowa ufumuwo. Koma kwa mwini wake, moyo wa bata womwe adaumanga kwa zaka 14 udali utagumuka.

Mmonke wa ku Rizong

Dillon adali atayamba kale kuwerenga za chipembedzo cha Chibuda. Atafika ku India adapita ku Kalimpong, kwa mmonke wachingerezi wotchedwa Sangharakshita, yemwe adamupatsa dzina loti Jivaka, dzina la sing'anga wa Buddha. Adagawa chuma chake n'kuvala mkanjo ngati wophunzira umonke. Koma atafuna kudzozedwa kukhala mmonke wathunthu, adapeza kuti malamulo akale a gulu la Theravada amaletsa munthu yemwe samutenga ngati mwamuna weniweni. Mbiri yomwe adaithawa ku Baltimore idamupezanso kumeneko.

Adatembenukira kwa amonke a chikhalidwe cha ku Tibet, omwe adamulandira. Mu 1960 adakakhala kunyumba ya amonke ya Rizong ku Ladakh, komwe adadziwika kuti Lobzang Jivaka. Ladakh ndi dziko lokwera kwambiri moti tauni yake yaikulu ya Leh, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3 500, imaposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, osanenanso za phiri la Michesi ku Phalombe. Kumeneko dotolo wophunzira ku Oxford ndi Dublin ankakhala pamalo otsikitsitsa pakati pa amonke, kuthandiza kukhitchini ndi kudya chakudya chochepa m'chisanu choopsa. Ngakhale zidali choncho, zolemba zake zimaonetsa kuti adapezako mtendere. Sadakhalitse. Deralo lidali pamalire omwe India ndi China ankalimbirana, ndipo chilolezo chake chitatha adauzidwa kuti achoke.

Umoyo wake udali utalowa pansi. Pa 1 May 1962, tsiku lomwe adakwanitsa zaka 47, adamaliza kulemba mbiri ya moyo wake n'kuitumiza kwa womuimirira pa zamabuku ku London. Adaganiza kuti n'kwabwino kuti afotokoze yekha nkhaniyo kusiyana n'kuti ena azimufotokozera. Pa 15 May 1962 adamwalira kuchipatala cha ku Dalhousie, kumpoto kwa India.

Zomwe zidatsala

Dziko la zachipatala lidatenga nthawi kuti lifike pomwe Dillon adaima mu 1946. Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation lidachotsa kusagwirizana kwa thupi ndi momwe munthu akudzimvera pamndandanda wa matenda a maganizo, ndipo kusinthaku kudayamba kugwira ntchito mu 2022. Nkhaniyi ikadali yokanganitsa m'maiko ambiri, pakati pa azipembedzo, andale ndi madotolo omwe.

Kuno kumudzi, kusiyana komwe Dillon adakufotokoza kudaonekera mu 2010, pomwe khoti la majisitireti ku Blantyre lidagamula Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza kukakhala kundende zaka 14 atachita chinkhoswe mu December 2009. Nyuzi zambiri zidalemba za amuna awiri, pomwe Tiwonge ankanena kuti iye ndi mkazi ndipo ndi momwe ankakhalira. Mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adawakhululukira mu May 2010, ndipo pambuyo pake Tiwonge adasamukira ku Cape Town m'dziko la South Africa.

Mbiri ya Dillon idafika ku London mwini wake atamwalira kale. Sir Robert adafuna kuti mapepalawo apatsidwe kwa iye kuti awatenthe, koma womuimirira uja adakana. Adakhala m'nkhokwe zaka zoposa 50 mpaka pomwe Fordham University Press ya ku New York idawasindikiza pansi pa mutu woti Out of the Ordinary. Sir Robert adamwalira mu 1982 wopanda mwana, ndipo ufumu wa Lismullen udathera pomwepo, popeza mng'ono wake yemwe akadaulowa adali atagona zaka 20 m'mbuyomo.