Baron Reuter ndi Pangano Logawana Nkhani za Dziko Lapansi

Masiku ano si chinthu chachilendo kumva kuti nduna za maiko awiri zasaina pangano lakuti nyumba zao za nkhani ndi za wailesi zizipatsana nkhani, zithunzi ndi aphunzitsi. Ambiri amayesa kuti mwambo umenewu ngwadzulodzulo. Koma amene afuna kudziwa kumene unachokera ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 150, kufikira pa munthu mmodzi amene dzina lake likuonekabe pa nkhani zakunja m'manyuzipepala ambiri. Munthuyo ndiye Paul Julius Reuter. Iye sanakhalepo nduna kapena kazembe wa dziko lililonse, koma pangano limene anachita ndi anzake awiri m'chaka cha 1870 linalamulira zimene maiko anali kumva za anzao kwa zaka 64.

Anabadwa pa 21 Julayi 1816 mumzinda wa Kassel ku Germany, m'banja la Chiyuda, ndipo dzina lake la paubwana linali Israel Beer Josaphat. Ali mnyamata anagwira nchito m'banki ya mbale wake ku Göttingen. M'chaka cha 1845 anabatizidwa ku London, natenga dzina limene timdziwa nalo lero, ndipo anakwatira Ida Magnus wa ku Berlin. Anayamba malonda a mabuku ku Berlin komweko, koma m'zipolowe za 1848 anasamukira ku Paris, kumene analembedwa nchito yomasulira nkhani mu ofesi ya Charles Havas, mwini wa nyumba yoyamba yotola ndi kugulitsa nkhani.

Nkhani ya nkhunda zake njodziwika, ndipo sitichedwapo. M'chaka cha 1850 waya wa lamya wochokera ku Berlin unali kulekezera ku Aachen, ndipo wina unali kuyambira ku Brussels. Reuter anatseka mpatawo ndi nkhunda zonyamula mitengo ya pa msika wa ndarama, ndipo zinali kufika sitima ya pamtunda isanafike. Mawaya aja atalumikizana, malondawo anatha. Mu Okotobala 1851 anatsegula kaofesi ku London, ndipo mwezi wotsatira waya wa pansi pa nyanja wa pakati pa Dover ndi Calais unayamba kugwira nchito. Poyamba anali kugulitsa mitengo yokha kwa eni mabanki ndi amalonda. Nyuzipepala yaikulu ya The Times inamkana kwa zaka zingapo, ndipo inayamba kugula nkhani zake m'chaka cha 1858.

Chimene chinamkweza chinachitika mu Febuluwale 1859. Ulaya yense anali kuyembekeza kumva zimene Mfumu Napoleon III ya ku France idzanena potsegula nyumba ya malamulo, pakuti mphekesera za nkhondo ndi Austria zinali ponseponse. Akuluakulu a Boma la France anapatsiratu munthu wa Reuter mau a Mfumu, atapangana kuti asawatumize Mfumuyo isanayambe kulankhula. Reuter analipiriratu waya wa pansi pa nyanja kuti ukhale wake yekha pa ora limenelo, kotero kuti manyuzipepala a ku London anasindikiza mauwo tsiku lomwelo. Nkhondo inabukadi mu Epulo. Awerengi aonetsetse pamenepa kuti mbali zonse ziwiri zinapindula. Reuter anapeza mbiri yakuti amafika msanga, ndipo Boma la France linafikitsa mau ake kwa Angelezi monga momwe linafunira, asanapotozedwe ndi wina aliyense. Kuyambira pamenepo maboma anazindikira kuti wogulitsa nkhani angathe kuwagwirira nchito imene kazembe sangaithe, pakuti kazembe amalankhula ndi nduna, koma nyuzipepala imalankhula ndi mtundu wonse.

Amene anamvetsa bwino phunziro limeneli anali Otto von Bismarck, nduna yaikulu ya Prussia. Ku Berlin kunali nyumba ya nkhani ya Bernhard Wolff, imene inayamba m'chaka cha 1849. Reuter, amene tsopano anali nzika ya Britain, anafuna kulowa m'malonda a ku Germany, dziko lobadwira. M'chaka cha 1865 anakhazikitsa kampani yochedwa Reuter's Telegram Company, ndipo Mfumu ya ku Hanover inamlola kuika waya wake wa pansi pa nyanja kuchokera ku England kufika pa chisumbu cha Norderney. Boma la Prussia linaona kuti ngati zimenezi zipitirira, nkhani za Ajeremani zidzakhala m'manja mwa kampani ya ku London. Chotero eni mabanki a ku Berlin, pamodzi ndi Gerson Bleichröder amene anali kusunga chuma cha Bismarck, anaika ndarama m'kampani ya Wolff kuti ilimbe. M'chaka cha 1866 Prussia inagonjetsa Austria ndi kumeza Hanover, ndipo Mfumu imene inalola Reuter inachotsedwa pampando. Waya uja unatsegulidwabe, koma maofesi a Reuter ku Germany anayamba kuona zobvuta. M'chaka cha 1869 Boma la Prussia linachita pangano la mseri ndi kampani ya Wolff: mauthenga ake a ndale azipita patsogolo pa mawaya a Boma, ndipo izilandira nkhani za Boma ena asanazione, koma Boma likhale ndi mphamvu yoona zimene ikutumiza. Wamalonda payekha sakanatha kulimbana ndi mnzake amene Boma lamuimira kumbuyo chotere.

Reuter anali munthu wodziwa pogonjera. Mu Januwale 1870 kampani zitatuzo zinasaina pangano ku Paris, ndipo zinagawana dziko lapansi monga momwe abale agawanira munda. Reuter anatenga Britain ndi maiko onse olamulidwa ndi Britain, pamodzi ndi maiko a kum'mawa kwa Asia. Havas anatenga France, Italy, Spain ndi Portugal, ndipo pambuyo pake South America. Wolff anatenga Germany, Austria, Russia ndi maiko a kumpoto kwa Ulaya, ndipo anabvomera kulipira ndarama zoonjezera kwa anzakewo, popeza gawo lake linali laling'ono ndipo nkhani za kutsidya kwa nyanja anali kudalira iwo. Reuter anatseka maofesi ake ku Germany kupatula ya ku Hamburg.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Kampani iliyonse inali kutola nkhani m'gawo lake ndi kupatsa zinzake, ndipo inali yoletsedwa kugulitsa nkhani kwa manyuzipepala a m'gawo la inzake. Nyumba za nkhani za maiko ena, monga Stefani ku Italy, Fabra ku Spain, Ritzau ku Denmark ndi Korrespondenz-Bureau ya Boma ku Vienna, zinamangirizidwa kwa imodzi mwa zitatuzo, ndipo nkhani zao zakunja zinali kulowa ndi kutuluka pa khomo limenelo lokha. Tsono taganizani za munthu wowerenga nyuzipepala ku Bombay kapena ku Cape Town. Zimene anali kumva za Germany zinali zimene kampani yoyang'aniridwa ndi Boma la Berlin yasankha, zitasefedwanso ku London. Maiko athu a pakati pa Africa, atalowa m'manja mwa Britain pambuyo pake, anagwera m'gawo la Reuter popanda munthu wofunsidwa.

Tiyenera kunena mwachilungamo kuti Reuter sanali wopeka mabodza. Mauthenga ake anali afupiafupi, opanda ndemanga, ndipo anali kugulitsidwa mofanana kwa manyuzipepala a zipani zotsutsana. Mbiri imeneyi anaisamala kwambiri, pakuti ndiyo inali chuma chake. Koma mphamvu ya panganolo sinali m'mabodza ai. Inali pa kusankha nkhani yoti ipite pa waya ndi yoti itsale, masiku amene liu lililonse la pa lamya linali kudya ndarama zambiri. Boma limene lili paubwenzi ndi wosankhayo silisowa kunama.

Patangopita miyezi isanu ndi umodzi chisainire, France ndi Prussia zinayamba nkhondo mu Julayi 1870. Havas ndi Wolff sanathe kupatsana nkhani mwachindunji, koma Reuter, pokhala m'dziko losalowa nao nkhondoyo, anali kulandira za mbali zonse ziwiri. Panganolo silinafe ndi nkhondo. Chaka chomwecho Boma la Britain linatenga mawaya a lamya m'manja mwa makampani, ndipo linagula waya wa Norderney pa mtengo woposa kwambiri umene Reuter anaonongerapo. M'chaka cha 1871 wolamulira wa Saxe-Coburg-Gotha anampatsa ulemu wa Baron, ndipo Mfumukazi Victoria inabvomereza ulemuwo ku Britain m'chaka cha 1891.

Pamene anakhumudwa ndi ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran. M'chaka cha 1872 Mfumu Nasir al-Din Shah inampatsa mphamvu ya zaka 70 yomanga njanji ndi kukumba migodi m'dziko lonselo, pamodzi ndi zina zambiri. Anthu a ku Persia anakwiya, Russia inatsutsa, ndipo Boma la Britain, posafuna mkangano ndi Russia, linangopenya. Chaka chotsatira Mfumu inafafaniza panganolo. Reuter anaphunzira pamenepo kuti ubwenzi wa Boma umalekezera pamene phindu la Bomalo lalekezera. Anadandaula kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1889 anampepesa pomlola kutsegula Imperial Bank of Persia.

Anapuma pa nchito m'chaka cha 1878, nasiyira mwana wake Herbert, koma anakhala ndi moyo kufikira anaona maboma akulimbirana poyera pangano lake lija. Germany, Austria ndi Italy zinali zitapangana za chitetezo m'chaka cha 1882, ndipo Francesco Crispi, atakhala nduna yaikulu ya Italy m'chaka cha 1887, sanakondwe kuona kuti nkhani za dziko lake zikudzera m'manja mwa Havas, kampani ya dziko limene iye anali kuliyesa mdani. Iye ndi Bismarck anayesa kulumikiza Stefani, Wolff ndi nyumba ya ku Vienna kuti mgwirizano wa nkhani ufanane ndi mgwirizano wa asilikari, ndipo anafuna kukopa Reuter kuti Havas atsale yekha. Zimenezi sizinatheke kwathunthu, pakuti makampaniwo anaona kuti kupatukana kudzawataitsa ndarama, ndipo anapanganso pangano lao. Koma zinaonetsa kuti nduna zinali kuwerengera mapangano a nkhani pamodzi ndi mapangano a nkhondo ndi a malonda.

Baron Reuter anamwalira ku Nice pa 25 Febuluwale 1899, ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda a West Norwood ku London.

Herbert atamwalira m'chaka cha 1915, kampaniyo inatengedwa ndi Roderick Jones, amene anali mkulu wake ku South Africa. Anaigula ndi chithandizo cha Boma la Britain, ndipo m'chaka cha 1918 analinso pa udindo mu unduna wofalitsa nkhani za nkhondo. Amene anagwetsa pangano la 1870 anali a ku America. Kent Cooper wa Associated Press anali kudandaula kuti dziko lake likudziwika kunja monga momwe London ndi Paris zifunira, ndipo m'chaka cha 1934 kampani yake inapeza ufulu wogulitsa nkhani kulikonse. Kampani ya Wolff inamezedwa ndi Boma la Hitler, ndipo m'malo mwa Havas munabadwa Agence France-Presse m'chaka cha 1944.

Dandaulo la Cooper linamvekanso m'kamwa mwa maiko amene analandira ufulu wao nkhondo yachiwiri itatha, ndipo tsopano America yomwe inali pakati pa odandaulidwa. Maikowo anayankha ndi mapangano aoao, osainidwa poyera ndi maboma. M'chaka cha 1975 maiko osalowa mbali anayamba kusonkha nkhani zao pamodzi motsogozedwa ndi Tanjug ya ku Yugoslavia, ndipo bungwe la umodzi wa Africa linakhazikitsa PANA, imene inayamba nchito ku Dakar m'chaka cha 1983. Mwa nyumba zitatu za 1870, ya Reuter yokha ndiyo ikutolabe nkhani m'dzina la mwini wake, ndipo m'chaka cha 2008 inaphatikizidwa ndi kampani ya Thomson ya ku Canada.